Salome ndi Tebulo la Ligi

Salome Nakhumwa anasiya kusewera mpira wamanja asanafune. Anali womwetsa mabasiketi wa timu ya Nkhunda za ku Bangwe, mtsikana wamtali wa mikono italiitali, ndipo anthu a kumeneko ankati mpira ukangofika m'manja mwake, woyimbira azikonzeratu wezulo. Tsiku lina analumpha monga mwa nthawi zonse, koma potera phazi linaponda mwala, bondo n'kuguluka. Anachira, inde, koma za kuthamanga zinathera pomwepo.

Anakaphunzira kutayipa pa kasukulu kena ku Chitawira. Makompyuta atayamba kufika m'maofesi anaphunziranso zimenezo, mpaka anapeza ntchito pa kampani ina yopanga sopo ku Chirimba, yolowetsa m'kompyuta za katundu wolowa ndi wotuluka. Ankakhala ofesi imodzi ndi a Onesimo Mulipa, bambo wosalankhulalankhula amene ankalemba mapulogalamu a kampaniyo. Koma Loweruka likafika, Salome ankapezekabe m'mbali mwa bwalo, akukuwa mpaka mawu kusasa.

Zaka zimenezo matipati anali atangobwera, ndipo aliyense ankayambitsa chake. Wina chipani, wina nyuzipepala, wina mpingo, wina timu. Ligi ya mpira wamanja ya m'malokeshoni a Blantyre, imene kale matimu ake unkawawerenga ndi zala, inafufuma mpaka kupitirira matimu makumi awiri. Ndirande, Bangwe, Chilomoni, Zingwangwa, Machinjiri, Chemusa, konseko kunali atsikana ovala masiketi osokedwa ndi telala wa pakhonde, aliyense akufuna chikho. Mlembi wa ligi ankawerengetsa mapointi pamanja, ndipo kuchuluka kwa masewero kunamuzunguza mutu. Chaka cha 1995 chinatha ndi mkangano woti mipando inauluka. Matimu atatu ankati ndife tapambana, aliyense ndi masamu ake. Chikho sichinaperekedwe. Wapampando wa ligi, bambo Herbert Likoswe, anachikulunga m'chitenje n'kupita nacho kwawo.

Chaka chotsatira, pa msonkhano wosankha mlembi watsopano, aliyense ankayang'ana pansi. Kenako wina anati, "Nanga Salome uja sagwira ntchito ya kompyuta? Makina sanama. Timupatse iyeyo."

Salome anavomera mtima ukudumpha. Kuyambira pamene anavulala, aka kanali koyamba kuti ligi imufune.

Bwana wa ku ntchito anamulola kugwiritsa ntchito kompyuta pa nthawi ya nkhomaliro. Anatsegula fayilo ya masewero, ndipo masewero alionse ankawalowetsa kawiri, kamodzi kuchokera mbali ya timu iyi, kachiwiri kuchokera mbali ya inayo. Mzere uliwonse unali ndi dzina la timu, mabasiketi amene yamwetsa, omwe anawatcha kuti athu, ndi amene yamwetsedwa, omwe anawatcha kuti awo. Timu ikapanda kufika pa bwalo, kaya chifukwa cha maliro kaya chifukwa chosowa mayendedwe, lamulo la ligi linkati inzakeyo yapambana ndi mabasiketi makumi awiri aulere. Salome ankalowetsa zimenezonso, n'kuika chizindikiro chakuti masewerowo sanaseweredwe.

Ligi itafika pakati, a Likoswe anapempha tebulo loonetsa mmene matimu aimira. Salome anafunsa kompyuta kuti imuwerengere timu iliyonse yapambana kangati, pulinta n'kulavula pepala. Anafunsanso za kufanana mphamvu, n'kutuluka pepala lachiwiri. Za kugonja, lachitatu. Onse atatu anali ondandalika motsata zilembo za mayina. Anatenga lumo, n'kudula manambala okha a pepala lachiwiri ndi lachitatu, n'kuwamata pambali pa loyamba kuti akhale madanga atatu oyandikana. Anaona kuti timizere tomatato tinali tofupikirako, koma anaganiza kuti matimu a kumunsiwo ndi amene alibe kanthu, ndipo anangolembapo ziro ndi bolopeni. Pepalalo analichulukitsa pa makina, n'kupita nalo ku msonkhano atavala diresi lake la ku tchalitchi.

Msonkhano unachitikira m'kalasi ya pulayimale ina ku Zingwangwa, akuluakulu atadzipanikiza pa madesiki a ana. Mapepala anagawidwa. Kenako anaimirira mayi Eliness Makwinja, mwini wake wa timu ya Mphezi za ku Ndirande. Anali mayi wathupi wogulitsa kaunjika mumsika, wa mawu oti akaitana kasitomala mbali ino ya msika, a mbali inayo amatembenuka.

"A tcheya, ndifunse nawo. Ana anga agonja liti?"

A Likoswe anayang'ana pepala, kenako anayang'ana Salome.

"Chiyambire chaka chino Mphezi sinagonjepo," anapitiriza mayi Eliness. "Funsani aliyense muno. Koma apa alemba kuti tagonja kasanu ndi kawiri. Kasanu ndi kawiri! Tinkasewera kuti, kumaloto? Ndiye taonani Nkhunda za ku Bangwe, timu ya mlembi wathuyu. Akuti yagonja kawiri kokha, chikhalirecho ife tomwe tinaikwapula, a ku Chilomoni anaikwapula, a ku Chemusa anaikwapula. Iwe Salome, makina ako aja amamwa tiyi ku Bangwe eti?"

Kalasi yonse inafa ndi phwete. Ena anayamba kupeza zolakwika pa matimu awo, aliyense akukweza pepala m'mwamba. Salome anaimirira kuti afotokoze, koma iye mwini sankadziwa chimene chachitika. Anangoti, "Pepani, ndikaonanso," mawu ake n'kumira m'phokosomo. Mu minibasi yobwerera ku Bangwe anakhala ku mpando wa kumbuyo, nkhope atalozetsa pa windo kuti anthu asaone maso ake.

Mwamuna wake Gabriel atamva nkhaniyo anati, "Tangozisiyani zimenezi. Ntchito yosalipidwa, kenako n'kumatchedwa wakuba? Abwezereni mabuku awo."

"Ndikasiya lero, ndiye kuti ndavomera kuti ndinaba," anatero Salome.

Lolemba pa nkhomaliro anasindikizanso mapepala atatu aja n'kuwayala pa desiki, osadula. Sanachedwe kuona. Pa pepala la ogonja dzina la Mphezi panalibe. Kompyuta inafunsidwa za ogonja okha, ndipo timu imene sinagonjepo inangoisiya. Dzina limodzilo litasowa, manambala onse a m'munsi mwake anakwera mzere umodzi, Mphezi n'kusenza kugonja kwa timu yotsatira, Nkhunda n'kuvala nambala ya eni ake. Pepala la ofanana mphamvu ndiye linali loperewera kwambiri, popeza matimu ambiri anali asanafananepo ndi wina aliyense.

Anagwira mutu. A Onesimo, amene ankadya chinangwa chokazinga pa desiki lawo, anasuzumira.

"Mwaferedwa, achemwali?"

Salome anawafotokozera zonse, mpaka za lumo ndi zomatira. A Onesimo sanaseke. Anapukuta zala pa pepala la nyuzi, n'kukokera mpando wawo pafupi.

"Mapepala atatu ndi amene akupwetekani. Mukufuna zonse zituluke pa funso limodzi, timu iliyonse mzere wake. Pali mawu ena a zilembo zitatu, IIF. Mumaipatsa kompyuta zinthu zitatu: choti iyese, choti inene chikakhala choona, ndi choti inene chikakhala chabodza. Ine ndimagwiritsa ntchito posiyanitsa sopo wochapira ndi wosambira. Yesani."

Anamulembera chitsanzo chimodzi n'kubwerera ku chinangwa chawo.

Salome anayesa. Anauza kompyuta kuti ngati athu aposa awo inene kuti apambana, apo ayi inene kuti agonja. Inanenadi, koma zonse zinatuluka m'danga limodzi, mawu okhaokha otsika mpaka pansi pa sikirini. Iye ankafuna madanga atatu. Anayesa kupanikiza mayankho atatu mkati mwa IIF imodzi, kompyuta n'kulira kuti pii, n'kumulembera kuti siikumva. Anasintha tizizindikiro tolekanitsa mawu, anasintha dongosolo la mawu, inalirabe. Sabata imeneyo nkhomaliro yake inkazizira m'kontena.

"A Onesimo, chinthu chanuchi chikukana kundipatsa madanga atatu."

"Sichingakupatseni," anayankha osatembenuka. "Funso limodzi, yankho limodzi, danga limodzi. Chinapangidwa choncho."

Salome anakwiya nawo mumtima. Munthu ukumira, iwo n'kumakuuza kuti madzi anapangidwa choncho! Anatuluka panja, n'kukaima pa mthunzi wa nyumba yosungiramo katundu, fungo la sopo likumutsamwitsa. Mawu aja ankangomuzungulira m'mutu. Funso limodzi, danga limodzi. Ndiye ngati madanga akufunika atatu, bwanji osafunsa katatu? Koma kufunsa katatu ndi kumene kunamugwetsa poyamba paja. Anaima pamenepo akuluma chala, mpaka anaona pamene panali kusiyana. Poyamba paja ankasankha masewero, kutenga ena n'kutaya ena. Tsopano sataya alionse. Masewero alionse afunsidwa mafunso onse atatu, ndipo pa funso lililonse ayankha, kaya ndi wani, kaya ndi ziro. Timu imene sinagonjepo idzakhala ndi maziro okhaokha m'danga la kugonja, koma dzina lake lidzakhalapo, chifukwa yayankha.

Anabwerera m'ofesi akutsimphina mothamanga, n'kulemba mizere itatu, umodzi pansi pa unzake.

SUM(IIF(athu > awo, 1, 0)) AS apambana
SUM(IIF(athu = awo, 1, 0)) AS afanana
SUM(IIF(athu < awo, 1, 0)) AS agonja

Kumapeto anauza kompyuta kuti iphatikize mawani ndi mazirowo timu ndi timu. Anadina batani. Kompyuta inang'ung'udza pang'ono, kenako sikirini inadzaza. Matimu onse, aliyense mzere wake, madanga atatu ataima chilili ngati ana a sukulu pa mzere. Anatsitsa chala mpaka pa Mphezi. Kugonja: ziro.

Anakuwa mofanana ndi mmene ankakuwira pa bwalo, moti mlonda anasuzumira pa khomo. A Onesimo anabwera, anawerenga mizere itatu ija pang'onopang'ono, n'kugwedeza mutu.

"Ine pa sopo ndimangofunsa kamodzi. Izi ndiye ndikubererani, zindithandiza pa lipoti la mwezi."

Njira itatseguka, zina zonse zinangotsatira. Anawonjezera danga la mabasiketi omwetsa, la omwetsedwa, la kusiyana kwake, ndi la mapointi: awiri kwa wopambana, imodzi kwa ofanana. Kenako anatenga matimu angapo n'kuwawerengera pamanja kuti atsimikize, ndipo zonse zinagwirizana. Tebulo latsopano analitumiza ku matimu onse. Ambiri analilandira, ena mpaka analimata pa zitseko za magolosale. Koma atalipereka kwa mayi Eliness mumsika wa Ndirande, iwo analipinda osaliwerenga n'kuliika pansi pa mulu wa mabulauzi.

"Pepala ndi pepala, mwana wanga. Lija linalinso pepala. Ndidziwa bwanji zimene umachita ndi makina ako ukatseka chitseko ku Chirimba?"

Salome anafuna kuyankha mokalipa, koma anaona kuti mayiwo akunena zomveka. Anthu anauzidwa kuti makina sanama, kenako anaona bodza litatuluka m'makina momwemo. Tsiku lotsatira anapempha a Onesimo kuti amuperekeze kwa bwana. Kunali kompyuta ina yakale imene inkangodya fumbi m'chipinda chosungiramo mafayilo. Bwanayo, amene mwana wake wamkazi ankaseweranso mpira wamanja ku sukulu, anawabwereka kompyutayo pamodzi ndi pikapu ya kampani, koma anati ikasweka a Onesimo ndi amene adzayankhe.

Mmene ligi inkafika kumapeto, mpikisano unali utatsala pa matimu awiri. Mphezi inali itapunthwa kamodzi, ndipo amene anaipunthwitsa anali Njuchi za ku Machinjiri, timu imene palibe ankaiwerengera. Inali ya atsikana ang'onoang'ono matupi, ambiri ogulitsa mandasi ndi tomato, ophunzitsidwa ndi Zubeda Amini, mzimayi wofatsa amene ankasoka yekha mayunifolomu awo achikasu. Bwalo lawo linali la fumbi, mizere yake yothira phulusa. Nazonso Njuchi zinali zitagonja kamodzi kokha, kwa Mphezi yomweyo, kumayambiriro kwa ligi. Mapointi anali ofanana.

Masewero otsiriza onse anaikidwa pa bwalo la sukulu ija ya ku Zingwangwa, Loweruka lotentha la mwezi wa Novembala. Anthu anadzaza mpaka ena kukwera m'mitengo. Pikapu itafika, a Onesimo ananyamula kompyuta ngati khanda, n'kukaiika pa tebulo la aphunzitsi m'kalasi momwe Salome anasekedwa muja. Nthambo ya magetsi anaikoka kuchokera ku ofesi ya ahedi. Salome anatsegula mawindo onse ndi chitseko, n'kutembenuza sikirini kuti iyang'ane anthu.

Mphezi ndiyo inayamba kusewera, n'kugonjetsa timu ya ku Chemusa mosavuta. Kenako Njuchi zinakumana ndi Nkhunda. Salome anaonerera ali pa khomo la kalasi, mtima utagawanika, chifukwa ena mwa atsikana a Nkhunda anawaphunzitsa yekha kuponya. Koma Njuchi tsiku limenelo zinali zosagwirika. Mpira unkayenda m'munsi, mothamanga, atsikana aatali a ku Bangwe n'kumangogwira mphepo. Wezulo yomaliza italira, Njuchi zinali zitapambana, ndipo mapointi a matimu awiri aja anali ofananabe. Lamulo linkati zikatero, chikho chipite kwa amene kusiyana kwa mabasiketi ake ndi kwakukulu.

Atsogoleri a matimu anakhamukira m'kalasi, ena onse ataunjikana m'mawindo. A Likoswe anaika chikho pa desiki, chikadali m'chitenje, dzanja lawo osalichotsapo. Salome anapempha oyimbira kuti atchule mokweza zotsatira za tsikulo, ndipo ankazilowetsa aliyense akuona. Kenako anaimirira.

"Ndisanadine batani, ndikuuzeni chimene makinawa amachita, chifukwa ulendo wapita uja ndinakulakwirani ndi manja angawa. Masewero alionse amafunsidwa mafunso atatu. Kodi timuyi yapambana? Ngati inde, wani, ngati ayi, ziro. Kodi yafanana? Chimodzimodzi. Kodi yagonja? Chimodzimodzi. Funso lililonse lili ndi danga lake. Kenako amangophatikiza. Palibenso china. Amene akukayika, abwere adine yekha."

"Ndidina ine," anatero mayi Eliness.

Anthu anawapatukira. Anayang'ana kiyibodi mokayikira ngati ili ndi minga, Salome n'kuwalozera batani lake. Analidina ndi mphamvu yoti tebulo linagwedera. Sikirini inadzaza. Pamwamba panali Njuchi, pansi pake Mphezi, kusiyana kwa mabasiketi kukuonetsa Njuchi zili patsogolo ndi makumi awiri ndi atatu.

Panja a ku Machinjiri anayamba kulumpha, koma mayi Eliness anakweza dzanja.

"Dikirani! Sindinamalize. Mzere wa ana anga ndauona, uli bwino, ndimaudziwa pamtima. Koma a tcheya, Njuchi zinalandira mabasiketi aulere kawiri, pamene a ku Chitawira ndi a ku Chirimba sanafike. Ife tinalandira kamodzi kokha. Ndiye chikho chipite ku Machinjiri chifukwa choti minibasi ya anthu ena inafera panjira? Amenewo ndi mabasiketi a mpira kapena a mwayi?"

Phokoso linabuka. A ku Ndirande anavomereza, a ku Machinjiri anati lamulo ndi lamulo. Wina anakankha desiki. A Likoswe anakokera chikho pa chifuwa, maso ali ku khomo. Salome anaona kuti zikubwerera kumene zinathera chaka chatha.

Zubeda Amini anaimirira, ndipo chifukwa choti sankalankhula kawirikawiri, anthu anakhala chete kuti amve.

"Mayi Makwinja akunena zoona. Ifenso sitikufuna chikho choti mawa azidzatiloza nacho chala. Ngati n'zotheka kuchotsa zaulerezo, zichotsedwe kwa tonse. Zikatero amene wapambana wapambana. Koma kodi n'zotheka lero lomwe?"

Mlembi wakale, amene anali pa windo, anati zimenezo n'zofunika kukhala pansi sabata yathunthu. Maso onse anatembenukira kwa Salome. Iye sanachite mantha. Anangomva mmene ankamvera mpira ukamabwera m'mwamba, iye ali pansi pa golo, akudziwa kuti wafika kale m'manja.

"N'zotheka. Ndi funso lina basi, ndiye kuti ndi danga lina. Mayi Makwinja, nenani funso lanu bwinobwino, ine ndilembe mmene mwanenera."

Mayi Eliness anayeretsa kukhosi. "Ngati masewero anaseweredwadi, anthu n'kutuluka thukuta, werenga mabasiketi ake. Ngati sanaseweredwe, usawerenge kanthu."

"Mwamva nonse? Pali wotsutsa?"

Panalibe. Salome anakhala pansi n'kulemba mzere umodzi pansi pa inzake ija, akutchula mokweza chilichonse chimene zala zake zikulemba: ngati anasewera, tenga athu uchotsepo awo, apo ayi lemba ziro. Danga latsopanolo analitcha kuti thukuta, anthu n'kuseka. A Onesimo anawerama kumbuyo kwake, anawerenga, n'kubwerera pamalo pawo.

"Dinaninso, mayi."

Ulendo uno mayi Eliness anadina mofatsa. Kumanja kwa tebulo kunaphuka danga lina. Iwo anayandikira mpaka mphuno kutsala pang'ono kugunda galasi, chala chikuyenda pa mzere wa Njuchi, kenako pa wa Mphezi, milomo ikuwerenga chamumtima. Anawongoka pang'onopang'ono.

"Atatu," anatero. "Atiposa ndi mabasiketi atatu." Anatembenukira pa windo pamene panali atsikana ake. "Evelina! Uli kuti? Lero lomwe waphonya atatu uli wekha pansi pa golo! Atatu, mwana iwe!"

Kuseka kumene kunabuka kunagwedeza malata. Ngakhale Evelina, womwetsa mabasiketi wa Mphezi, anaseka atabisa nkhope m'manja. Mayi Eliness anapita kwa a Likoswe, n'kutambasula manja.

"Bweretsani kuno, a tcheya. Mwachisunga mokwanira."

Anachivundukula okha, n'kuchipukuta ndi nsonga ya chitenje chawo, n'kuchinyamula mpaka kwa Zubeda. "Tengani, achemwali. Mwachipeza ndi miyendo yanu. Koma muchisamale, chaka chamawa ndikubwera kudzachitenga."

Nthungululu zinayamba m'kalasi n'kufalikira panja. Atsikana a Njuchi analowera pa khomo ndi m'mawindo momwe, n'kumunyamula Zubeda pamodzi ndi chikho. Salome anali akuyamba kuzula nthambo pamene anamva dzanja lolemera pa phewa.

"Iwe Salome," anatero mayi Eliness, mokweza kuti onse amve. "Ndinakunyoza m'kalasi muno, ndiye ndikupepesanso m'kalasi momwe muno. A tcheya, lembani kuti mlembi ndi yemweyu, chaka chamawa ndi chinacho. Amene akufuna kumuchotsa ayambe wathana ndi ine."

Salome anafuna kuyankha, koma atsikana a Nkhunda, ogonja a tsikulo, anali atamuzungulira kale. Anamukweza m'mwamba iye akukuwa kuti asamale bondo, n'kutuluka naye panja pa dzuwa. Ali pamapewa pawo anaona bwalo lonse, fumbi likukwera, malaya achikasu akuvina, ndi Gabriel ataima pansi pa mtengo akuwomba m'manja pamwamba pa mutu.

A ku Machinjiri analibe galimoto yokwanira, ndiye anapempha pikapu ya kampani. A Onesimo anakana kawiri, kachitatu anavomera, bola kompyuta ikhale kutsogolo. Salome anakhala pambali pawo atafungatira sikirini pamiyendo. Kumbuyo atsikana anadzazana ngati matumba, Zubeda ali pakati ndi chikho, akuyimba nyimbo imene ankaipeka pomwepo, yotchula dzina la aliyense amene anamwetsa basiketi chaka chimenecho. Podutsa ku Ndirande anthu a m'mbali mwa msewu ankawakuwiza, ena mowanyogodola, ena mowayamikira, atsikanawo n'kumangokweza mawu.

Msewu wa ku Machinjiri unali wa mabampu, ndipo pikapu inkayenda ngati ikuvina nawo. A Onesimo anayendetsa pang'onopang'ono, maso pa msewu, kenako anati, "Achemwali, amuna awiri a ligi ya mpira wamiyendo anandipeza pa bwalo paja. Akuti nawonso chikho chawo chili ndi zaka ziwiri chisanaperekedwe. Ndawauza kuti ine ndimadziwa za sopo, akafunse kwa inu Lolemba."

"Abwere," anatero Salome. "Koma abwere ndi zotsatira zonse, osati zokumbukira."

Atakhota pa kona ya ku msika wa Machinjiri anapeza khamu likuwadikirira, chifukwa mbiri inali itafika kale ndi anthu a pa njinga. Azimayi anayala zitenje mumsewu, ndipo pikapu inalephera kupitirira. A Onesimo anazimitsa injini, n'kutsekera kompyuta m'galimoto, ndipo iwo ndi Salome anatsika kukalowa m'gulumo.